Nambala ija 2,147,483,647 yomwe imakana kugawika

Mnyamata wina yemwe akuphunzira zolemba mapulogalamu wanditumizira imelo, akuti: "Bwana, pulogalamu yanga ikafika pa 2,147,483,647 n'kuonjezerapo 1, ikumandipatsa nambala ya minus. Laputopu yafa kapena nambalayi ili ndi chizimba?"

Achimwene, laputopu yanu ili bwinobwino, musapite nayo kwa okonza angokudyerani ndalama. Tengani ma 2 okwana 31, muwataimuse onse, muchotsepo 1, mupeza nambala yanuyo. Int wanuyo, malo amene pulogalamu imasungiramo nambala, ali ndi ma bit 32 (bit ndi kamalo kosunga 0 kapena 1), imodzi inapita kale kukasunga zoti nambala ndi ya plus kapena minus, ndiye otsalawo 31 akakhala onse 1 1 1 mpaka kumapeto ndowa yadzadza basi, mukathiramo kadontho kena imasefukira mu bit ya chizindikiro ija n'kukutayani pa -2,147,483,648. Sinthani mugwiritse ntchito ya ma bit 64, nkhani yatha.

Koma ine chomwe chimandisangalatsa si chimenecho ayi. Nambalayi ndi prime, imagawika ndi 1 ndi iyo yomwe basi. Manambala opezeka potaimusa ma 2 n'kuchotsapo 1 amatchedwa dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France wa m'ma 1600, ndipo iyi ndi prime ya nambala 8 pa mzere wawo. Musaganize kuti onse otere amakhala prime, taonani ma 2 okwana 11 kuchotsa 1, ndi 2047, imaoneka yolimba koma 23 kutaimusa 89 yaphwasuka.

Anatsimikiza za yathuyi ndi Leonhard Euler mu 1772, nthawi imeneyo maso anali atasiya kale kuona, kakyuleta kunalibe. Sanayese manambala 2 biliyoni onse, akanafera pompo. Choyamba, ngati pali nambala yoigawa ndiye ina iyenera kupezeka pansi pa square root yake (nambala yomwe mukaitaimusa ndi iyo yomwe imakupatsani yathuyi), cha pa 46,340. Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pali nzeru, prime iliyonse yogawa nambalayi iyenera kusiya 1 mukaigawa ndi 62. Ndiye 7, 11, 13, 17 onsewo kunja osawayesa n'komwe, mumayambira pa 311, kenako 373, kumapita choncho. Iye anasefanso kupitirira pamenepo mpaka kunatsala ochepa oti munthu n'kuwagawa pamanja, palibe ndi mmodzi yemwe analowa. Inakhala prime yaikulu kuposa zonse zodziwika mpaka 1867, pafupifupi zaka 100.

Za kusefukira zija mudzakumana nazonso. Makina ambiri akale amawerenga nthawi m'masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970 pogwiritsa ntchito int yemweyu, ndipo masekondi 2,147,483,647 ndi zaka 68 ndi masiku pang'ono. Adzakwana pa 19 Januwale 2038, kuno kwathu idzakhala 5:14 m'mamawa, makina amene sanakonzedwe adzadzuka akuti lero ndi 13 Disembala 1901.