Kodi zithunzi za mandala zimachiritsadi? Yankho kwa mayi amene anandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zanga. Iwo anati mchemwali wawo anagulira amayi awo buku la zithunzi zozungulira zoti munthu azizipaka mitundu, ndipo pachikuto pake panalembedwa kuti zithunzizo zimachiritsa. Gogoyo wakhala akusowa tulo chimwalirireni amuna ake, komanso amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Mayiwo anafunsa kuti zithunzizi zinachokera kuti, ngati n'zoona kuti zimachiritsa, komanso ngati si za mizimu.

Mayi, zithunzi zimenezi dzina lake ndi mandala, ndipo musaliphatikize ndi mandala ovala m'maso, chifukwa ili ndi liwu la chinenero chakale cha ku India cha Sanskrit lotanthauza chinthu chozungulira. Ahindu ndi Abuda akhala akuzijambula kwa zaka mazanamazana, koma amene anatchuka nazo kwambiri ndi amonke a Chibuda a ku Tibet. Kwa iwo mandala si chokongoletsera khoma. Ndi pulani ya nyumba yachifumu yoonedwa kuchokera kumwamba, ya makoma anayi ndi zipata zinayi, ndipo pakati pake pamakhala Buddha amene munthu akumusinkhasinkha. Wophunzira amayenera kuiloweza yonse mpaka atamatha kuyendamo m'maganizo atatsinzina, kuchokera pachipata mpaka pakati. Ina yotchuka, yotchedwa Kalachakra, imaimira milungu 722.

Mandala ena amawapanga ndi mchenga, ndipo kapangidwe kake n'kofunika kukamvetsa. Amonke amayamba ndi kulemba mizere pathabwa pogwiritsa ntchito chingwe chopaka choko, kenako amathira mchenga wosalala wonyikidwa m'mitundu yosiyanasiyana, kuyambira pakati kumatuluka kunja. Chida chawo ndi kachitoliro kachitsulo kosongoka kumapeto, kokhala ndi timano pamsana, kamene amakatcha chak-pur. Akamakhukhuza timanoto ndi kachitsulo kena, mchenga umatuluka pang'onopang'ono ngati kaulusi, ndipo m'chipindamo mumangomveka phokoso longa la nyenje. Amagwira atawerama nkhope ili pafupi ndi thabwa, akupuma mosamala poopa kuuluza mchengawo, ndipo ntchitoyo imatha masiku angapo, nthawi zina masabata. Akamaliza amapemphera, kenako mmodzi amadula chithunzicho ndi mizere, ena n'kusesera mchenga wonse pakati mpaka mitundu ija itasanduka mulu wotuwa. Mchenga wina amaugawira anthu amene abwera, wotsalawo amakauthira mumtsinje. Akutero pofuna kuphunzitsa chimene Chibuda chimatsindika, kuti palibe chokhalitsa, ndiponso kuti munthu amavutika mumtima chifukwa chokakamira zinthu zimene sizingakhale. Anthu a kumaiko a azungu anaona mwambowu poyera mu 1988, pamene amonke a ku Tibet ochokera kunyumba ya amonke ya Namgyal anapanga mandala ya Kalachakra kunyumba yosungiramo zinthu zachilengedwe ya American Museum of Natural History ku New York.

Tsopano ndifike pa za kuchiritsa, pamene ogulitsa mabuku amasakaniza zinthu. Ku Tibet kuli luso lakale la zachipatala lotchedwa Sowa Rigpa, ndipo n'zoona kuti limagwirizana kwambiri ndi zojambula. Asing'anga ake amaphunzitsa kuti m'thupi muli zinthu zitatu zimene ziyenera kukhala pamlingo woyenera: lung, imene ili ngati mphepo, tripa, imene ili ngati ndulu, ndi beken, imene ili ngati makhololo. Amati chilakolako chimavundula mphepo, chidani chimautsa ndulu, ndipo umbuli umachulukitsa makhololo, kotero kuti matenda a thupi ndi a maganizo sawalekanitsa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600, Sangye Gyatso, amene ankayendetsa boma la Dalai Lama wachisanu, mtsogoleri wamkulu wa Tibet, analamula akatswiri kuti ajambule zithunzi 79 pansalu zofotokoza buku lalikulu la mankhwala lotchedwa Gyushi, ndipo mu 1696 anakhazikitsa sukulu ya asing'anga paphiri la Chakpori ku Lhasa.

Pa zithunzi zonsezo, zimene ine zimanditenga mtima ndi za mitengo. Chiphunzitso chonse anachijambula ngati mizu 3, mathunthu 9, nthambi 47 ndi masamba 224. Muzu woyamba umafotokoza thupi labwino ndi lodwala. Wachiwiri umafotokoza kuyeza matenda poona lilime ndi mkodzo, pogwira mtsempha wapamkono, ndi pofunsa wodwala. Wachitatu ndi wa chithandizo, ndipo uli ndi mathunthu anayi: zakudya, khalidwe, mankhwala, ndi zochita kunja kwa thupi monga kusisita ndi kuthowa. Masamba a mphepo anawapaka mtundu wabuluu, a ndulu wachikasu, a makhololo woyera, kuti wophunzira akangokumbukira mtengowo akumbukire phunziro lonse. Apa mukhoza kuona kuti chithunzi chinali buku la sing'anga, osati mankhwala a wodwala. Ngakhale Buddha wa Mankhwala, amene amamujambula ndi thupi labuluu, amaoneka atagwira nthambi ya mtengo wa mankhwala wotchedwa arura m'dzanja lamanja, ndi mbale ya mankhwala m'dzanja lamanzere. 

Buku limene lili m'manja mwa amayi anu linadzera njira ina. Carl Jung, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Switzerland, anajambula mandala yake yoyamba mu 1916 pa nthawi imene iye mwini anali wosokonezeka mumtima, ndipo pambuyo pake ankalimbikitsa odwala ake kujambula zozungulira. Kuchokera pamenepo mandala analowa m'ntchito ya alangizi othandiza anthu kudzera m'zojambula, mpaka anafika m'masitolo atavulidwa mapemphero onse. Ndiye pa funso lanu la mizimu, zimene zimakhala m'mabuku ambiri otere ndi maluwa ndi mizere yobwerezabwereza chabe, mulibe nyumba ya zipata zinayi kapena mulungu aliyense. Komabe ngati mtima wa amayi ukukayika, palibe chifukwa chowakakamiza, popeza pali zina zimene zingagwire ntchito yomweyo.

Ndikutero chifukwa cha kafukufuku amene Nancy Curry ndi Tim Kasser anafalitsa mu 2005. Iwo anauza ophunzira a kukoleji kuti apake mitundu kwa mphindi 20, ena pa mandala, ena pa timabokosi ta mizere yopingasana, ena papepala lopanda kanthu. Nkhawa inatsika kwambiri mwa magulu awiri oyambawo kusiyana ndi lachitatu, koma a mandala ndi a timabokosi anapindula pafupifupi mofanana. Mmene ine ndikuonera, chimene chinathandiza ndi ntchito yamanja yobwerezabwereza imene imagwira maganizo kuti asayendeyende, ngati mmene zimakhalira munthu akamaluka mphasa kapena kusankha mpunga pa lichero. Kafukufukuyu anayeza nkhawa ya kanthawi kochepa mwa achinyamata athanzi, osati chisoni cha namfedwa kapena kuthamanga kwa magazi.

Choncho apatseni amayi mapensulo a mitundu, ndipo ngati mungathe muzikhala nawo pambali madzulo, inunso mukupaka tsamba lanu, chifukwa anthu ambiri amamasuka kulankhula za womwalira manja ali pantchito ndipo maso sakuyang'anana. Mapiritsi awo asadumphitse ngakhale tsiku limodzi, ndipo tsiku lokayezetsa likafika mukawauze adokotala za kusowa tuloko, ndi kuti kunayamba liti.