Makoswe m'dimba la nzimbe

Achimwene, poizoni amathandiza ndithu pa makoswe akukuonongerani nzimbewo, koma osangomwaza. Yambani mwalambula udzu ndi masamba ouma m'dimbamo, ndi momwe amabisala. Ine ndimaika kaye gaga wopanda mankhwala masiku angapo chifukwa khoswe ngochenjera, chachilendo sadya msanga, akazolowera ndiye ndimasakaniza. Nyamboyo muziika mkati mwa nsungwi kuti nkhuku ndi agalu asafikire, komanso isanyowe, si mukudziwa chiperoni cha kuno ku Thyolo.

Tameki wa pamsika uja ayi chonde, ngoopsa. Makoswe akufawo kwirirani mozama, ndipo ana osaka mbewa muwauziretu asakumbe m'dimbamo. Za mtundu wa mankhwala ndi muyezo wake funsani alangizi a zaulimi, mugule ovomerezeka ndi Pesticides Control Board, bungwe la boma loyang'anira mankhwala otere. Wina akameza mwangozi thamangirani naye kuchipatala, paketi mutenge.