Mage akulanda adani, hunter wapita ndi nkhwangwa: kodi vuto ndi ma talent?

Mnzathu wina wosewera World of Warcraft Classic watumiza imelo. Ali ndi warrior wa Arms (imodzi mwa nthambi za ma talent, maluso omwe wosewera amasankha ndi mapointi) pa levulo 38, ndipo wakhala akuchita tank, wokoka adani kuti azimenya iye osati anzake, mu dungeon ya Armory ku Scarlet Monastery. Mage amamulanda adani, priest amafa, gulu lonse limamuloza chala, ndiye tsiku lina Herod, mdani wamkulu wa m'menemo, atagwa, hunter anadina Need (batani lonena kuti chinthucho ukuchifuna) pa nkhwangwa yotchedwa Ravager n'kupita nayo. Akufunsa ngati asinthe ma talent apite ku Protection, nthambi ya tank, kapena angoleka kulowa m'magulu a anthu osawadziwa.

Achimwene, golide wanuyo muyambe mwamusunga. Mawu akuti "pita ku Protection" amandinyansa chifukwa amene amawaponya ambiri sanatsegulepo tsamba la ma talent a warrior. Pa levulo 38 muli ndi mapointi 29. Shield Slam, yomwe ndi mutu wa Protection, imafuna mapointi 31, kutanthauza levulo 40. Lero chomwe mungapeze ndi Defiance, yomwe imadya mapointi 15 kuti idzaze, n'kukweza threat yanu, mkwiyo womwe mdani ali nawo pa inu, mu Defensive Stance (kaimidwe kodziteteza) kuchoka pa 1.3 kufika pafupifupi 1.5. Si pang'ono ayi, koma mutsala ndi mapointi 14 okha, ndipo Sweeping Strikes, yofuna 21 ku Arms, mwaitaya. Ma quest a panokha adzakukwawitsani ngati kamba. Kusinthako kumalipitsa golide 1 koyamba, kenako 5, kenako 10, mpaka 50, pomwe pa levulo 40 mukufuna golide pafupifupi 100 wa chokwera. Ma dungeon a levulo imeneyi warrior wa Arms wonyamula chishango amawatha bwinobwino.

Chimene chikukanganitsa gulu lanu ndi masamu omwe palibe wawanena. Mdani aliyense ali ndi ndandanda yakeyake ya amene amupsetsa mtima. Kuti munthu akulandeni mdani, ngati waima pafupi ayenera kupitirira 110 peresenti ya threat yanu, ngati ali patali 130. Inu mukakhala ndi 1,000, rogue alanda akadutsa 1,100, mage wakutali akadutsa 1,300. Mage yemweyo akathamangira pakati kukaphulitsa Arcane Explosion, wadzichotsera yekha mpata uja, wagwera pa 110, ndipo akumenya adani onse pakamodzi pomwe inu mukumenya mmodzi. Ameneyo akafa wadzipha yekha, musamupepese.

Koma imfa ya priest ndi mlandu wina, ndipo pepani, kawirikawiri ndi wanu. Kuchiza kumabala threat ya theka la moyo wobwezedwa, yogawidwa kwa adani onse omwe ali pankhondoyo. Priest akakubwezerani 600, yatuluka threat 300, ndipo ngati adani ali anayi aliyense walandira 75. Ndi kachinthu kochepa, koma pa mdani amene simunamukhudze n'komwe, 75 akukwana. Ndiye tank amene wakakamira pa mdani mmodzi n'kumuunjikira Sunder Armor, kumenya kokweza threat, kasanu ndi amene watumiza atatu enawo kwa wochiza.

Kayambidwe kake nkotere. Chida cha dzanja limodzi ndi chishango. Charge pa levulo yanu imapereka rage 12 (rage ndi mphamvu yomwe maluso a warrior amadya), ndipo Tactical Mastery yodzaza imakusungirani mpaka 25 posintha stance. Popanda iyo mumafika mu Defensive Stance muli chimanjamanja. Mukangolowamo dinani Bloodrage, 10 pomwepo ndi 10 wina m'masekondi 10. Sunder imodzi pa mdani yemwe mwamuika chizindikiro cha chibade, Tab kuti musinthe mdani, Sunder pa wachiwiri, Tab, pa wachitatu, n'kubwerera. Sunder imadya 15, Revenge imadya 5 yokha koma threat yake ndi yaikulu, choncho ikangoyaka idineni, makamaka pa mdani amene akuoneka kuti akufuna kuchoka. Ikachedwa kuyaka, Shield Block ya rage 10 imaiyatsa. Heroic Strike isiyeni mpaka rage itasefukira, chifukwa kupatula mtengo wake imadyanso rage yomwe kumenya wamba kukanakupatsani.

Taunt ndi pomwe ambiri amaonekera kuti ndi achilendo. Siwonjezera kanthu pa mdani amene akukumenyani kale. Ntchito yake ndi kukokera mdani kwa inu kwakanthawi n'kukweza threat yanu kuti ifanane ndi ya amene walanda, basi, ndipo imabwerera pakatha masekondi 10. Mukaidina n'kutembenukira kwina, mage uja aponya Frostbolt ziwiri n'kulandanso. Pambuyo pa Taunt pabwere Sunder kapena Revenge nthawi yomweyo. Nthawi zina mdani amaikana, ndiye muli ndi Mocking Blow mu Battle Stance, komanso Challenging Shout yomwe imakoka onse kwa masekondi 6 koma imabwerera pakatha mphindi 10. Imeneyo ndi ya tsiku la tsoka.

Nawonso ma priest ndiwanene. Power Word: Shield pa warrior nkhondo isanayambe ndi chifundo chopha nkhwali. Warrior amapeza rage akamenyedwa, ndipo mu Classic nkhonya zomwe chishango chamatsengacho chameza sizibala rage. Tank ayima ngati chitsa, alibe cha Sunder, priest yemweyo n'kudabwa adani akumuthamangira. Chimodzimodzi hunter wosiya Growl, yokokera adani kwa chiweto chake, ili yoyaka, ndi warlock woponya Fear, yothawitsa adani, m'makonde a Armory momwe gulu lina la adani lili pakhoma lachiwiri. Ndipo asilikali a Scarlet amathawa moyo ukatsala pang'ono, kukaitana anzawo. Hamstring sigwira mu Defensive Stance, ndiye wothawayo ndi ntchito ya ena: Crippling Poison ya rogue, Concussive Shot ya hunter, Frostbolt ya mage. Mukapanda kunena, aliyense aganiza kuti mnzake achita. Oponya moto sabwera okha kwa inu; alaseni ndi uta, mubisale kuseri kwa ngodya, atsatira.

Kwa ife osewera pa maseva a ku Ulaya tili kuno kumwera kwa Africa palinso kuchedwa kwa netiweki. Pomwe mukuona mdani akutembenuka, ku seva wayamba kale ulendo. Ikani addon yoonetsa threat kuti muziona manambala asanadutse, ndipo ngati kwanuko magetsi amathima pa ola lodziwika, uzani gulu musanalowe. Tank wozimiririka pakati pa nkhondo osanena kanthu amalowa pa ignore, ndandanda ya osafunidwanso, msanga kuposa tank wosadziwa.

Luso la zida

Tsegulani tsamba la Skills. Luso la chida chilichonse limafika pa levulo yanu kuchulukitsa kasanu, kwa inu 190. Ngati kuyambira levulo 20 mwakhala ndi nkhwangwa ya manja awiri, n'kutheka lupanga la dzanja limodzi lomwe mumatulutsa mu dungeon luso lake lili pa 70. Pamenepo mukuphonya, rage sikubwera, Sunder sikugwira, ndipo palibe talent ingakonze zimenezo. Pitani mukamenye zilombo zofooka ndi chida chomwecho mpaka nambala idzaze. Onaninso Defense. Luso la mdani likaposa Defense yanu ndi 15, ayamba kukugwetserani ma crushing blow, opweteka kamodzi ndi theka. Herod ndi wa levulo 40, luso lake 200. Pa Defense 190 muli bwino, pa 185 ayi, n'chifukwa chake tank wa levulo 37 amatha mana, mphamvu yochizira ya priest, mosadziwika bwino.

Tibwere ku nkhwangwa ija. Hunter uja analakwa, osazungulira. Ravager ilibe Agility, ilibe Stamina, ilibe chilichonse chothandiza munthu woponya mivi ali patali. Mphamvu yake yonse ndi kuzungulira kuja, komwe kumachitika pokhapokha ukutema nayo. Koma gemu simuletsa, ngakhale mutasankha Need Before Greed, kagawidwe kopatsa mpata amene angathe kugwiritsa ntchito chinthucho, popeza hunter amatha kunyamula nkhwangwa ya manja awiri. Ndipo imamatirira kwa woitola, ndiye madzi akatayika saoleka. Kutukwana pa chat ya mumzinda sikuibweza, kumangochititsa kuti anthu akumbukire dzina lanu m'malo mwa lake. Classic ilibe makina okuponyerani m'gulu la anthu a maseva ena omwe simudzawaonanso. Ndi mudzi umodzi, ndipo tank ndi amene amasowa, choncho kungokana kulowanso naye gulu ndi chilango chokwanira.

Komabe musamange lamulo lakuti hunter asamakhudze chilichonse cha Herod. Herod's Shoulder ndi Raging Berserker's Helm ndi zovala za mail, ndipo pa levulo 40 hunter ndi shaman amayamba kuvala mail pomwe inu mukusamukira ku plate, zovala zolimba kuposa mail. Chisoticho chili ndi Strength, ndiye warrior ali ndi mawu amphamvu, koma hunter wa levulo 39 akafunsa za phewalo sanapenge. Milandu yotereyi imaweruzidwa pakhomo la dungeon, zinthu zisanagwe. Zikagwa aliyense amakhala loya.

Ndiye yankho ndi lakuti khalani ku Arms, ndipo pangani gulu nokha m'malo molowa la wina. Sungani macro, uthenga wolembedweratu woti muzidina pakhomo: chibade chife choyamba, mtanda chachiwiri, mwezi ndi wa Polymorph ndipo wosaukhudza, dikirani masekondi atatu musanayambe kumenya, mukalanda thamangirani kwa ine osati kuthawa, Growl izimitsidwe, Need ndi ya chinthu chomwe muvale lero, Ravager ndikuifuna, wotsutsa anene pano. Yang'anani mana a priest musanakoke gulu lililonse, akakhala pansi kumwa inunso dikirani. Ngati muli pa maseva a Anniversary omwe anatsegulidwa mu Novembala 2024, pa levulo 40 pali dual spec, mwayi wosunga magulu awiri a ma talent, ndiye Protection mudzailawa osataya Arms. Ndipo ngati Whirlwind Axe simunaitenge, quest yake inatseguka pa levulo 30 kwa Bath'rah the Windwatcher ku Alterac Mountains. Cyclonian ndi elite wa levulo 40, mutenge anzanu awiri, ndipo nkhwangwa imeneyo palibe hunter angadine Need.