Ndigule kagalimoto kanga, kapena ndikungowonjezera jamu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Area 25 mu Lilongwe muno, dzina sinditchula poti sanandilole. Mwachidule akuti: "Ndimagwira ntchito ku Old Town, ndimanyamuka kunyumba kusanache koma ndimafikabe mochedwa. Ndasunga kandalama kuti ndiitanitse ka Passo ku Japan koma bambo akunyumba akuti ndikungokawonjezera jamu. Magalimotowa achulukiranji chonchi, nanga boma lingatani poti misewu likukuza kale?"

Achemwali, ngati thumba likulola gulani, ine sindingakuletseni ndili nako kanga pakhonde. Komano bambowo sakunama. Kagalimotoko kakupulumutsani ku mvula ndi kukangana ndi kondakitala za chenji, jamu yokha muzikhalamobe, kusiyana kwake muzikhala pampando wanuwanu mukumvera wailesi, mafuta akupsa muli chiimire.

Zoti achulukiranji sizovuta. Kale galimoto inali ya bwana, lero munthu amalowa pa Be Forward pafoni, kusankha ka Vitz kapena Sienta, kutumiza ndalama, sitima n'kukatsitsa ku Dar es Salaam, mnyamata n'kukaitenga kudzera pa Songwe, mwalipira dyuti ku MRA basi yalowa m'tauni. Anthunso tachuluka, kalembera wa 2018 anapeza kuti mu mzinda wa Lilongwe tatsala pang'ono kukwana 1 miliyoni, pomwe mzindawu unakhala likulu mu 1975 uli kakang'ono. Ndiye onani mmene anaumangira: Capital Hill uko, Old Town uko, Kanengo uko, anthu akugona ku 25, ku 49, ku 36, Chinsapo, ndipo pafupifupi tonse m'mawa timakakumana pa M1 ngati nyerere pa fupa.

Koma chifukwa chenicheni kwa ine ndi chomwe mwalemba nokha, mumanyamuka kusanache. Anthu sakugula magalimoto chifukwa cha matama ayi, akuthawa minibasi. Ine ndinagula kanga tsiku lina nditakhala pa siteji mphindi 40 minibasi ikudikira kudzaza, injini ikulira ngati ikunyamuka pompo, mkatimo muli anyamata atatu ongokhalitsa kuti tizione ngati yatsala pang'ono, munthu weniweni akakwera mmodzi wa iwo amatsika. Titanyamuka tinakathera mafuta panjira, kondakitala n'kutsika ndi chigubu, ife tili phee ndi ndalama zathu zolipira kale. Madzulo ake ndinayamba kuona mitengo ya magalimoto. Akuluakulu amakumbuka nthawi ya UTM ndi Stagecoach, mabasi akuluakulu oyenda m'tauni pa nthawi yake. Shire Bus Lines itagwa za mayendedwe a m'tauni tinangozisiyira ma minibasi, kenako ma Sienta, pano njinga zamoto za kabaza zomwe zimatulukira kumanzere ndi kumanja komwe.

Tsono boma likutani? Likukuza misewu, ndipo sindikunyoza. Interchange ya pa Area 18 inathandiza, amene ankadutsa pa raundabauti yakale ija 5 koloko akudziwa. Kenyatta Drive anaikuza kukhala ya malaini 6, mitengo yambiri inapita anthu n'kudandaula, mlatho wa Lilongwe ku Old Town a Japan anathandiza kuukuza, ku Blantyre nako Masauko Chipembere Highway inakuzidwa kalekale. Vuto lake msewu ukatakasuka, amene ankaopa jamu n'kumasiya galimoto kunyumba amaitulutsa, amene ankakayika ngati inuyo amagula, pakatha zaka zingapo mwabwerera pomwe paja. Ku Houston ku America anakuza Katy Freeway mpaka malo ena kupitirira malaini 20, ntchito inatha mu 2008, sipanapite zaka zambiri jamu inabwerera. Iwowo ndi a ndalama zawo, nanga ife okongola?

Ena anasankha kumenya m'thumba. London kuyambira 2003 ukalowa pakati pa mzinda ndi galimoto masana umalipira, anayamba ndi mapaundi 5 patsiku. Singapore ndiye nkhanza zenizeni, kuyambira 1990 usanagule galimoto umayamba wagula chilolezo cha zaka 10 chochita kupikisana mtengo, nthawi zina chimadula kuposa galimotoyo. Koma musaiwale, kumeneko ukasiya galimoto pali sitima ndi basi zokudikira. Kuno mutati mulipiritse munthu polowa ku City Centre musanamupatse chokwera china, mwangomulanga basi, ndipo mukudziwa mmene tinalirira ma toll gate a pa Chingeni ndi Kalinyeke atangoyamba, mpaka mitengo anachita kutsitsa.

Chomwe ine ndimasirira chili pafupi pompa, komwe timakatenga magalimoto athuwo. Dar es Salaam mu 2016 inayambitsa mabasi omwe eni ake amati mwendokasi, kuchokera ku Kimara kukafika ku Kivukoni pa Morogoro Road, ndipo chinsinsi chake si basiyo koma laini yakeyake pakati pa msewu yomwe galimoto wamba siloledwa kupondamo. Uli mu jamu ndi Prado yako ukungoona basi yodzaza anthu ikudutsa fyuu, mawa lake umaganiza kawiri. Ali ndi mavuto awo, mabasi amachepa anthu n'kumapanikizana ngati usipa, koma nzeruyo ndi yabwino. Basi yaikulu imodzi imanyamula anthu oposa 60, tangowerengani magalimoto angati amene akanakhala pamsewu aliyense atayenda yekha. Pa malaini 6 athu aja, kupatula imodzi mbali iliyonse kuti ikhale ya mabasi okha sikufuna ngongole ina yaikulu, kukufuna mtima wolimba, chifukwa oyamba kukwiya ndi eni ma minibasi ndi mabwana omwe amasainira zinthuzo. A minibasiwo osawathamangitsa, aloweni m'kampani ya mabasiyo akhale ndi gawo, apo ayi adzatseka msewu ndi matayala.

Zina ndi zazing'ono zoti khonsolo ikhoza kuchita mwezi uno: maloboti azigwira ntchito ngakhale magetsi azima, pakhale malo oti minibasi izipatukira potsitsa anthu osati kuima pakati pa msewu, ndi tinjira ta oyenda pansi ndi njinga poti ambiri mu mzinda muno amayenda wapansi. Ma ofesi a boma ena atamalowa 7 ena 9 zikhozanso kupepuka.

Za ka Passo kanuko, musangowerengera mtengo wa pa intaneti, onjezani dyuti, inshuwalansi, COF, matayala ndi masiku ogona pa filling station mafuta akasowa. Ndipo pezani anzanu awiri atatu a ku 25 komweko opita ku Old Town muzisonkherana a mafuta, bambowo akadandaulanso muwauze kuti mpando wakutsogolo ndi wawo.