Kampani ya app siilowa m'khitchini

Achemwali, pepani ndi za mwanayo, ndikhulupirira wapezako bwino. Mwafunsa kuti popeza nkhuku imene yamutsegula m'mimba munaitanitsa pa app, kodi makampani amenewa sayendera malo odyera asanawalembe? Ine ndinagwirapo ganyu m'khitchini ina kuno ku Manchester, ndiye ndinenepo zimene ndikudziwa.

Pa nthawi yonse imene ndinali pamenepo sindinaonepo munthu wa kampani ya app akutsegula firiji yathu. Amene ankangotulukira osauza, kusuzumira pansi pa sinki, kubaya mpunga ndi choyezera kutentha, anali a zaumoyo ochokera ku khonsolo. Iwowo ndi amene amapereka malikisi a ukhondo aja, kuyambira 0 mpaka 5, pansi pa ndondomeko ya Food Standards Agency, bungwe la boma loona za chakudya. Makampani obweretsa chakudya amangobwereka malikisiwo. Mphamvu yawo ili pakhomo: kulola munthu kugulitsa pa app, kapena kumuthamangitsa. Imeneyo ndi mphamvu ndithu, chifukwa malo ambiri akangochotsedwa pa app bizinesi yagwa.

Koma anachedwa kuigwiritsa ntchito. Mu 2018 a BBC anafufuza n'kupeza malo opatsidwa 0 akugulitsa bwinobwino pa app ya Just Eat. Manyazi atawagwira, mu 2019 kampaniyo inachotsa onse a 0, n'kulamula kuti wolowa kumene akhale ndi 3 kapena kuposa. Komabe malikisi aja amanena za tsiku limene woyendera anafika. Pakapita chaka, wophika wasintha, firiji yakalamba, koma 5 uja ali pomwepo. Kuno ku England palibenso lamulo lokakamiza kumata malikisi pachitseko. Ku Wales linayamba mu 2013, ku Northern Ireland mu 2016.

China chimene chimandinyansa ndi khitchini imodzi kukhala ndi mayina angapo pa app. Mukakwiya ndi awa n'kuitanitsa kwa awo, poto ndi yemweyo. Muziyang'ana adilesi, osati dzina.

Pamene kampani singathawe ndi panjira. Chakudya chotentha chimayenera kusungidwa pa madigiri 63 kapena kuposa, chozizira pa 8 kapena kutsika. Mnyamata wa njinga akatenga maoda awiri, kuzungulira nawo m'chikwama chimene sichinatsukidwe sabata yonse, a khonsolo sakuona. Ndipo anyamatawa ambiri si olembedwa ntchito. Mu November 2023 khoti lalikulu la dziko lino linagamula kuti oyendetsa a kampani ya Deliveroo ndi odziimira paokha. Ndiye amamuyang'anira chikwama ndani? Sindikuwanyoza ayi, abale athu ambiri akudyera pomwepo, ndipo amalipidwa pa ulendo uliwonse, n'chifukwa chake amathamanga.

Ngati m'nyumbamo muli amene thupi lake limadana ndi mtedza kapena nsomba, musadalire kabokosi kolembamo uthenga ka pa app kaja. Mtsikana wina wa zaka 15 ku Lancashire anamwalira pa 1 January 2017 atadya chakudya chokhala ndi mtedza, chonsecho mu oda munalembedwa za mtedzawo. Imbani foni, mulankhule ndi wophika.

Za mwana wanuyo, a app akhoza kukubwezerani ndalama, nkhani n'kuthera pomwepo. Kadandauleni ku khonsolo ya dera limene kuli malo odyerawo, ndi amene angathe kukayendera ngakhale kutseka. Lembani zonse zimene anadya masiku angapo apitawo, chifukwa tizilombo tina ta mu nkhuku timatenga masiku awiri mpaka asanu tisanaonekere, ndiye mwina olakwa si amene mukuwaganizira. Akapitiriza kutsegula, kapena mukaona magazi, imbani 111, nambala ya zaumoyo.

Ndipo inu amene mumatigulitsa nsima ndi chambo pa WhatsApp m'gulu muno, kulembetsa ku khonsolo n'kwaulere, kumangofunika masiku 28 musanayambe kugulitsa.