Ajeremani a Hitler akanena zoona za Angerezi, tiziwamvera?

Achemwali ena andilembera imelo kuchokera ku Johannesburg. Aonera Ohm Krüger, filimu ya Ajeremani ya mu 1941 yonena za nkhondo ya Maburu ndi Angerezi, ndiye akufunsa kuti, poti misasa imene Angerezi ankatsekeramo anthu inalipodi, vuto la filimuyi lili pati?

Achemwali, mwandikanda pachilonda. Filimu imeneyi inandidanitsa ndi mnzanga amene tinkachita naye lendi nyumba imodzi. Iye anali munthu wowerenga kwambiri, ndipo atsamunda sankafuna kumva ngakhale dzina lawo. Anabwera nayo pa flash, tinaika laputopu pampando, nsima mpaka kuzizira. Pali pena pamene mkulu wa msasa, wonenepa, wooneka dala ngati Churchill, nduna yaikulu ya Angerezi pa nthawi imene filimuyi inkapangidwa, akudyetsa galu wake nyama uku azimayi ndi ana akufa ndi njala. Mnzangayo anaimirira. "Aise, nayi mbiri imene anatibisira kusukulu!" Pataoneka Mfumukazi Victoria ikupapira kachasu wachizungu, anaseka mpaka kutsamwa. Ine ndinkadikira kuti ndione ngati aimirirenso anthu akuda akatulukira. Anatulukiradi, ali chigulu chopanda dzina, amishonale akuwagawira Baibulo ndi mfuti kuti akaphe Maburu. Apo mnzangayo anangoti, "Zazing'ono zimenezo."

Si zazing'ono ayi. Misasa inalipodi, ndipo azimayi ndi ana a Maburu oposa 26,000 anaferamo pakati pa 1900 ndi 1902. Koma Angerezi anali ndi misasa inanso ya anthu akuda, momwenso munafa anthu zikwizikwi, ndipo filimuyi siitchula n'komwe. Chachikulu n'chakuti amene ankalira maliro a Maburu pakanema mu 1941 anali atatsegula misasa yawoyawo yozunzirako anthu, Dachau mu 1933 ndi Auschwitz mu 1940. Joseph Goebbels, nduna yofalitsa nkhani ya Hitler, sanalembe ntchito Emil Jannings yosewera ngati Paul Kruger, mtsogoleri wa Maburu, chifukwa chomvera chisoni Krugeryo. Ankafuna kuti Mjeremani akamva za misasa azinena kuti anayambitsa ndi Angerezi.

Ndipo ndikamaiganizira, ndikuona kuti bodza lotere n'loipa kuposa bodza lamkunkhuniza. Lamkunkhuniza umaligwira. Ili limatenga nkhani yoona, n'kusankha poyambira ndi polekezera. Mu 1941 momwemo anatulutsa filimu ya Carl Peters, Hans Albers akusewera ngati ngwazi ya ku German East Africa, komwe mbali yake yaikulu lero ndi Tanzania. Peters weniweniyo boma lake lomwe linamuchotsa ntchito mu 1897 pa nkhani yopachika Aafirika kufupi ndi Kilimanjaro. Mnzanga wodana ndi atsamunda uja akanaomberanso m'manja imeneyo?

Kolberg

Filimu ina ya Ajeremani yotchedwa Kolberg ndiye imandikwiyitsa zedi. Veit Harlan anaijambula yamitundu, ndalama zoposa 8 miliyoni za Reichsmark, asilikali enieni akuvala zovala za 1807 nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati. Nkhani yake ndi ya Kolberg, tauni ya ku Prussia, dziko la Ajeremani, imene inakana kugonja kwa asilikali a Napoleon. Zoona, tauniyo sinagwe. Koma dziko la Prussia linaluza nkhondoyo n'kusaina pangano la ku Tilsit, ndipo filimuyi imathawira ku 1813 kuti woonera atuluke akuganiza kuti kuumirira kumapindula. Inayamba kuonetsedwa pa 30 January 1945, ku Berlin ndi ku La Rochelle ku France kwa asilikali a Ajeremani ozingidwa. Mu March chaka chomwecho Kolberg inagwa, lero ndi Kołobrzeg ku Poland. Harlan yemweyu ndi amene anapanga Jud Süß mu 1940, yonyoza Ayuda, imene Himmler, mkulu wa gulu lankhondo la chipani cha Hitler lotchedwa SS, analamula kuti a SS ndi apolisi aionere. Khoti la ku Hamburg linam'peza wosalakwa mu 1949, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndingalembe mpaka kucha.

Tsono achemwali, kuonera onerani. Ku Germany komweko mafilimu ngati amenewa amaonetsedwa pagulu pokhapokha pali wofotokoza poyamba ndi zokambirana pamapeto. Inunso werengani kaye za nkhondo ya Maburu, makamaka lipoti la Emily Hobhouse, Mngerezi amene anaulula za misasayo mu 1901. Koma tizidutswa ta filimuyi musatumize pa WhatsApp popanda kulemba chaka ndi amene analipira.