Musagwire phiko la Harvard ngati m'ndegemo mulibe wa mabuleki

Achimwene, mwafunsa muno zokathandiza mnzanu kutulutsa m'shedi Harvard yake, ndege yakale yophunzitsira oyendetsa ndege zankhondo. Musanavomere, mufunse kaye kuti amene adzakhale m'ndegemo kugwira mabuleki ndi ndani, ndipo akakuyankhani kuti palibe chifukwa mtunda wake ndi waufupi, manja anu asakhudze phikolo. Ndawerenga mayankho a ena muno akuti kukankha ndege ndi ntchito yongofuna mphamvu basi, ndipo mtima wanga wawawa, pakuti amenewo ndi mawu omwe ankakonda kulankhula bambo wina amene ndinkathandiza mongodzipereka pa ndege zake zakale zankhondo, kufikira tsiku limene anandinyazitsa pamaso pa alendo ake.

Harvard si ndege yaing'ono monga imaonekera pa chithunzi. Ikakhala yopanda mafuta ndi anthu imalemera pafupifupi makilogalamu 1,900, ndipo kuchokera kunsonga ya phiko limodzi kukafika kunsonga ya linzake pali mamita 12.8. Ili ndi matayala awiri akuluakulu kutsogolo ndi kamodzi kakang'ono kumchira, choncho kwathuko tinkaikoka chafutambuyo, chitsulo chokokera titachikoleka ku katayala ka kumchirako. Amene sanagwirepo ntchitoyi sadziwa kuti mchira ukangopatuka pang'ono, ndege yonse imazungulira pa matayala akutsogolo aja, ndipo nsonga ya phiko, imene ili mamita oposa 6 kuchokera pakati, imayenda msanga kuposa mmene woyendetsa thirakitala akuganizira. Komanso poyenda chafutambuyo, chimene chimatsogola si mbali yolimba ya phiko ayi, koma aileron, kachigawo kakumbuyo kwa phiko koyenda pa mahinji, imene pa ndege imeneyi ndi yokutidwa ndi nsalu.

Tsikulo mwini ndegeyo anaitana anzake olemera kuti adzaone injini ikulira. Makaniko wathu, amene nthawi zonse ankatsogolera ntchito yotulutsa ndege, anali asanafike, ndipo bamboyo sanafune kudikira chifukwa alendo anali atayamba kuyang'ana mawotchi awo. Anauza mnzake wina, amene ankadzitama kuti wayendetsapo magalimoto akuluakulu, kuti akwere thirakitala. Mnyamata amene ankafuna kukwera m'ndege kukagwira mabuleki anamuletsa, ati magalasi angopukutidwa kumene ndipo sakufuna zidindo za zala. Ine anandiika kuphiko lakumanzere. Chitseko cha mbali imeneyo chinali chovuta kale, chinkakakamira panjanji yake chisanatseguke chonse, ndipo ndinanena momveka kuti chatsala pang'ono. Anandiyankha osandiyang'ana n'komwe kuti ndegeyo yadutsapo pamenepo kambirimbiri.

Inalidi itadutsapo, koma ikuyenda molunjika. Mkulu wa pathirakitalayo anayamba kukhota mapiko asanatuluke, chifukwa ankafuna kuti mphuno ya ndege iyang'ane kumene kunaima alendo. Ndinaona mpata wa pakati pa aileron ndi chitsulo cha chitseko ukuchepa, ndinakweza manja, ndinakuwa kuti aime, ndinakuwanso mpaka kukhosi kunandipweteka, koma thirakitala inali ikulira ndipo iye anali atatembenuzira nkhope kwa alendowo akuseka nawo. M'ndegemo munalibe munthu woti n'kuponda mabuleki. Ndinagwira nsonga ya phiko ndi manja onse awiri ngati kuti munthu mmodzi angaimitse matani awiri, ndipo linandikankhira kuchitseko kotero kuti ndikanapanda kudzigwetsa pansi, dzanja langa likanapanikizika pakati. Kenako kunamveka kung'ambika kwa nsalu, pambuyo pake kulira kwa chitsulo chopyapyala chikupindika, ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti thirakitalayo inapitirizabe kukoka kwa kanthawi phiko litakodwa kale, mpaka ndege inagwedezeka yonse. Atazimitsa injini, m'shedimo munangoti zii, ine ndili chigonere pa simenti chigongono chikutuluka magazi, ndikuyang'ana nsalu ikulendewera pamwamba panga.

Bamboyo sanafunse ngati ndavulala. Mawu ake oyamba anali akuti ntchito yanga inali imodzi yokha, kuyang'ana phiko, ndipo ndailephera. Ananena zimenezi mokweza kuti alendo onse amve, ndipo mnzake uja anatsika pathirakitala n'kuvomereza kuti sanamve munthu aliyense akukuwa. Anthu amene anandimva ndikuchenjeza za chitseko anangoyang'ana pansi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mnzakeyo ndi amene ankathandiza kulipira mafuta a ndegezo, choncho mlandu unayenera kugwera munthu amene sankalipidwa ngakhale kalikonse. Polemba lipoti la a inshuwalansi sanatchule kuti munalibe wa mabuleki, sanatchule kuti makaniko kunalibe, koma anatchula kuti woyang'anira phiko anachedwa kupereka chizindikiro. Anthu ena amene ali ndi ndalama zogulira ndege zoterezi amaganiza kuti agulanso nzeru za mmene zimagwiridwira, ndipo wongodzipereka amamuona ngati munthu amene wachitiridwa chifundo pololedwa kuyandikira chuma chawo.

Ndegeyo inakhala pansi nyengo yonse ya zionetsero. Ngakhale kuti ndege za mtundu umenewu zinapangidwa zoposa 15,000, ndipo asilikali a m'ndege a ku South Africa anaziulutsa mpaka 1995, simungangolowa m'sitolo n'kugula aileron yake. Inayenera kupezeka, kukutidwa nsalu, kupakidwa mankhwala ake, kuyezedwa kulemera kwake kuti isamanjenjemere m'mwamba, ndipo injiniya wovomerezeka anayenera kutsegula phiko kuti aone ngati mahinji ndi zitsulo za m'kati sizinapindike asanasaine. Zonsezi zinachitika chifukwa cha munthu amene sanafune kudikira makaniko wake.

Popeza mukupita kumeneko, dziwaninso za pulopela, chifukwa imeneyo ndiye imapha. Injini ya Harvard ndi Pratt & Whitney R-1340, ya masilinda 9 ozungulira, ndipo ikakhala osalira oyilo amatsikira m'masilinda a pansi. Munthu akailiza oyiloyo ali momwemo, pisitoni imakagunda chinthu chimene sichingapanikizike ndipo chitsulo cholumikiza pisitoniyo chimapindika, mwina osaonekera tsiku lomwelo. N'chifukwa chake pulopela imayamba yazunguliridwa ndi manja, ndipo ikalimba simukakamiza, mumaitana makaniko kuti achotse mapulagi a pansi oyiloyo atuluke. Koma magneto, amene amapereka moto ku mapulagi, sadalira batire, ndipo waya umene umawazimitsa ukaduka, injini ikhoza kulira mwadzidzidzi n'kuzunguza pulopela ngakhale switchi ikusonyeza kuti ndi yozimitsa. Musaime m'njira ya pulopela, musaitsamire pojambulitsa, ndipo musaigwiritse ntchito ngati chogwirira pokankha ndege. Bambo ndikunenayu ankalola alendo kuikumbatira.

Ndege iliyonse ili ndi khalidwe lake pansi, ndipo zimene mwaphunzira pa imodzi sizikutetezani pa inzake. Tiger Moth yeniyeni ya ku Britain, ndege ina yakale yophunzitsira, ilibe mabuleki, kumchira ili ndi chitsulo chokhwekhwereza m'malo mwa tayala, ndipo injini yake imalizidwa ndi dzanja, choncho matabwa otchingira matayala ndi anthu a kumapiko ndiwo mabuleki ake. Mabuleki a Spitfire, ndege yankhondo ya ku Britain, amayendera mpweya, ndipo botolo lake likakhala lopanda mpweya, munthu amene mwamukhazika m'katimo alibe chimene angachite. Spitfire yomweyo inkafuna munthu wokhala pamchira kuti isagwe chamutu ikamayenda pansi kukuomba mphepo, ndipo mu February 1945, ku bwalo la ndege la Hibaldstow ku England, woyendetsa ndege ananyamuka msilikali wamkazi Margaret Horton akadali pamchira wa Spitfire ya nambala AB910 chifukwa sanamvetsetsane. Mayiyo anakakamira mpaka ndegeyo inazungulira n'kutera, anapulumuka, ndipo ndegeyo ilipobe ku Battle of Britain Memorial Flight, gulu la asilikali a m'ndege a ku Britain losunga ndege zakale. Ngati asilikali ophunzitsidwa anasemphana chonchi, nanga bwanji anthu amene angokumana m'mawa womwewo? Mabungwe aakulu monga Commemorative Air Force ya ku Texas amaphunzitsa anthu awo ntchito yolondolera ndege pansi, pamene kwa eni ena a ndege ziwiri kapena zitatu lamulo limakhala maganizo a mwiniyo tsiku limenelo.

Ngakhale zili choncho, ndikuti mupite, chifukwa mwayi wogwira ndege yotereyi supezeka kawirikawiri, ndipo ine ndemwe akanandiitananso mwina ndikanapita. Mukafika, pakhale munthu mmodzi yekha wolamula ndipo mumumvere popanda kutsutsana naye, pakuti anthu asanu akamalankhula nthawi imodzi ngozi imabwera msanga kuposa pamene wolamulayo walakwitsa. Musafike ngati wodziwa zonse, mwini ndege akanena kuti zichitike mwakutimwakuti, ndege ndi yake. Koma mutenge wezulo m'thumba, mugwirizane musanayambe kuti aliyense akailiza zonse ziima nthawi yomweyo, muyende nokha kukaona kuti zitseko zatseguka mpaka kumapeto, mufunse ngati katayala ka kumchira kamasulidwa ngati ndi ka mtundu wokhoma, ndipo matabwa otchingira matayala akhale m'manja mwa munthu amene akuyenda pambali pa ndege, osati pashelefu. Thirakitala isathamange kuposa munthu woyenda pang'onopang'ono, ndipo pamene pali pothina muichotse, ndegeyo ikankhidwe ndi manja pamalo okhawo amene makaniko wakusonyezani. Mufunsenso, makamaka polemba uthenga kuti umboni utsale, ngati inshuwalansi ya ndegeyo imateteza anthu ongodzipereka, chifukwa ine ndinadziwa yankho lake chigongono chitatupa kale.